A Sipanala, Rivesi ndi Ng'ombe za Aphunzitsi

A Sipanala anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi pansi pa mabasi. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso, ndipo limakhala komweko. Kudepoti, kutchalitchi, ngakhale pamzere wa kuchipatala, aliyense amangoti a Sipanala. Anapuma ntchito ndi msana wopindika, zikhadabo zakuda zosamva sopo, ndi chitini cha penti chodzaza mabawuti.

Chitinicho ndiye mbiri yawo yonse. Injini iliyonse imene ankaphwasula, akaimanganso pankatsala bawuti imodzi kapena ziwiri. Anzawo ankagwira pakamwa. Iwo ankangoponya m'chitini.

"Akufakitale amaika zambiri chifukwa cha mantha," ankatero. "Basi yalira kapena sinalire?"

Basi inkaliradi. Zoti ikafika kumene ikupita, imeneyo inali nkhani ya dalaivala.

Atapuma ntchito, mabasi anapuma nawo, koma katundu wa m'nyumba anaona zakuda. Wailesi inayamba kugwira siteshoni imodzi yokha, ya maliro. Ayironi inayamba kuluma. Wotchi ya pakhoma inkayenda bwino ndithu, koma pokhapokha uigoneke chafufumimba patebulo. Akazi awo, amene anthu amawatchabe Aphunzitsi ngakhale choko anasiya kalekale, ananyamula makina awo osokera n'kukawasungitsa kwa aneba.

Mwana wawo wachitatu, wamkazi, amakonza makompyuta pakampani ina, ndipo m'banjamo amamutcha Injiniya. Iyeyu ndi amene anaona kuti bambo ake akufunika chinthu choti aziwononga tsiku ndi tsiku koma osachimaliza. Loweruka lina anabwera ndi kompyuta, chiwongolero cha pulasitiki ndi mapedulo ake, n'kuziika pakona ya balaza pamene pankakhala makina osokera aja.

M'kompyutamo anaikamo Linux. Imeneyi ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makina onse, ndipo ilipo ya mitundu yambiri, ngati mabasi: injini yofanana, mabodi osiyana. Imene anasankha Injiniya inali yopangidwira masewera. Ukayatsa, masewera ali pamaso pako. Ukalumikiza chiwongolero, chikugwira popanda kuchinyengerera. Koma chimene anaisankhira n'china. Usanasinthe kanthu kalikonse mkati mwake, iyo inkayamba yasunga kaye mmene zinthu zilili. Ukawononga, umangozimitsa, kuyatsanso, n'kusankha pamndandanda tsiku limene zinthu zinali bwino. Makina n'kubwerera mwakale ngati sunawagwire.

"Ndiye kuti ili ndi rivesi," anatero a Sipanala.

"Mukhoza kutero, adadi. Koma rivesi yake ili ndi malire, chifukwa..."

"Iwe, ine ndinayamba kuphunzitsa anthu rivesi mayi ako asanandilole. Ndipatse makiyi."

Makiyiwo anali pasiwedi ya mwini makina, imene popanda iyo sungamasule kanthu mkati. Injiniya anailemba pakapepala, koma asanapereke anaigwira kaye m'mwamba.

"Mkati mwa makina phwasulani mmene mungafunire. Koma tsiku limene mudzawononge chinthu cha amayi, pasiwedi ndikulandani, ndipatsa amayi."

"Amayi ako ndi kompyuta? Wailesi yomwe amaiopa."

"Wailesi imene munakonza inu, aliyense amaiopa."

Anagwirizana choncho.

Masewera a a Sipanala anali oyendetsa malole. Ankakhala pampando wodyera, magalasi pamphuno, n'kunyamula katundu kuchoka mzinda wina kupita wina, liwiro osapitirira sikisite. Ankapereka siginolo ngakhale mumsewu mulibe aliyense. Galimoto ina ikawadula, ankatukwana dalaivala wake mpaka agogo ake, ngakhale dalaivalayo sanabadwe kwa munthu.

Koma malole anali chophimba chabe. Masewera awo enieni anali kuphwasula Linux ija. Ankawerenga pafoni mmene anthu ena amathamangitsira makina awo, n'kulemba pasiwedi ndi chala chimodzi, n'kuchotsa ichi, n'kusintha icho. Sikirini inkada bii. Iwo ankamwa tiyi wawo mosatekeseka, kuzimitsa, kuyatsa, rivesi. Akabweza chonchi ankalemba kamzere kumbuyo kwa kalendala. Chaka choyamba timizere tinakwana makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu. Moyo wawo wonse anali asanakumanepo ndi makina okhululuka chotere. Ankati akanakhala kuti mabasi anali ndi mtima umenewu, bwenzi iwo atafika pa uforomani.

Aphunzitsi poyamba ankangodutsa ndi tsache.

"Munthu wamkulu, mdzukulu ali kusekondale, koma kumalira vuuu pabalaza ngati njuchi."

Kenako Injiniya anawaonetsa masewera ena, a ulimi. Umayamba ndi munda wa thengo ndi khasu limodzi. Ukalimbikira umagula nkhuku, kenako mbuzi, kenako ng'ombe. Aphunzitsi anati angoyesa kamodzi kuti mwana asakhumudwe. Patatha zaka ziwiri anali ndi ng'ombe makumi anayi ndi imodzi, makola atatu, chigayo, ndi munda wa maluwa pakhomo. Ng'ombe iliyonse anaitcha dzina la mwana amene anawavutitsa m'kalasi. Ija yonenepa yokonda kugona inali ndi dzina la mnyamata wina amene tsopano ndi loya. Mbuzi imodzi yamakani anaitcha dzina la mchimwene wawo wamng'ono, wometa anthu tsitsi.

Nthawi anagawana ngati anthu otunga pampopi umodzi. Mmawa, akatha tiyi, ndi Aphunzitsi: kukama, kudyetsa, kukolola. Masana ndi a Sipanala. Aphunzitsi akamakama ankafotokoza mbiri ya ng'ombe iliyonse, kuti uyu ankabisa buku m'malaya, uyu anabweretsa chule m'kalasi. A Sipanala ankati "eya, eya," maso ali pawotchi yogona ija.

Ndiye linafika Lolemba lija. Mkulu wawo wa Aphunzitsi anachitidwa opaleshoni ya diso, ndipo anafunika womuyang'anira mpaka Loweruka. Aphunzitsi anaima pakhomo ndi chikwama m'manja.

"Ng'ombe ndazitsekera m'khola. Musazikhudze."

"Ine ndi ng'ombe? Pitani bwino, mukapereke moni."

Masana omwewo kunatuluka mapu atsopano a masewera a malole, okhala ndi misewu ya m'mapiri. Kompyuta inati malo ndi ochepa. A Sipanala anapinda mikono ya malaya. Anatsegula mafoda obisika, aja amene munthu wamba sawaona, n'kulowa mkati, mkati, mpaka anapeza mafoda anayi opanda mayina, manambala okhaokha. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe. Chinthu chopanda dzina, chobisika kuseri, chodya malo: imeneyo ndi bawuti yotsala.

Kompyuta inafunsa ngati akutsimikizadi. Zimenezi anaziona ngati chipongwe. Anafufuta onse anayi, n'kukhuthula ndi bini yomwe, poti iwo sasunga zinyalala m'nyumba. Masewerawa ali ndi njira yosungira zinthu pa intaneti, koma imeneyo anaizimitsa kale chaka chatha. Ankati katundu wawo sagona kwa eni.

Mapu analowa. Lachiwiri lonse anakwera mapiri pa giya yachiwiri, akuimba nyimbo za kwaya.

Lachitatu masana kunabwera alamu awo, wometa uja. Ndi munthu wamfupi, wadazi, zimene a Sipanala amati ndi umboni woti ntchito yake saikhulupirira. Anakhala pansi osauzidwa.

"Alamu, achemwali kulibe. Tandionetseni mbuzi ija akuti ili ndi dzina langa. Ndione ngati yandifanana."

"Yakuposani tsitsi," anatero a Sipanala, akutsegula masewerawo.

Pasikirini panabwera kanyimbo kosangalala ndi mawu olandira mlimi watsopano. Thengo. Miyala. Khasu limodzi.

Wometa anaweramira kutsogolo. "Mbuzi yanga ili kuti?"

"Khalani pansi. Muona ntchito ya rivesi."

Anazimitsa, kuyatsa, n'kusankha Lolemba mmawa. Makina anabwerera bwinobwino. Anatsegula masewera: thengo, miyala, khasu. Anasankha Lamlungu. Khasu. Anasankha mwezi wathawu, ndipo kunabwerera vuto lakale la sipika yolira ngati mafuta pamoto, limene analithetsa movutikira. Koma ng'ombe ngakhale mchira.

"Alamu," anatero wometa, "rivesi yanuyi ikubwerera bwino, koma ikuoneka kuti ikubwerera yopanda pasenjala."

"Tsekani pakamwa, ndikuganiza."

"Ganizani mwachangu. Achemwali anga ndimawadziwa. Ndili mwana ndinathyola rula yawo, mpaka lero ndikayetsemula ndimaikumbukira."

A Sipanala anatuluka panja ndi foni, n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi. Injiniya anayankha akutafuna.

"Adadi, ndili pa lanchi. Mwaphwanya chiyani?"

"Ndani wati ndaphwanya? Ndikungofunsa. Tinene kuti munthu wina wafufuta mafoda a manambala."

Kutafuna kunasiya. "Ali kuti mafodawo?"

Anamuuza.

"Munthu winayo bini wakhuthula?"

"Ndi munthu waukhondo."

"Nanga pambuyo pake waikamo china chachikulu?"

"Mapu. A m'mapiri. Abwino kwambiri."

Injiniya anapuma mpweya wautali. "Adadi, m'mafoda amenewo ndi mmene masewera amasunga zonse zimene munthu wachita. Farmu ya amayi inali mmenemo. Ndipo mapu anu akhala pamwamba pa malo ake."

"Nanga rivesi ntchito yake n'chiyani?"

"Rivesi imabweza basi. Katundu amene mwataya nokha pawindo sabwerera."

"Ameneyo ndi mapangidwe opusa."

"Anachita dala. Ikanati izibweza ndi mafayilo anu omwe, bwenzi nthawi iliyonse mukabwerera ku sabata yatha, kalata imene mwalemba dzulo ikusowa, ng'ombe zimene amayi agula dzulo zikusowa. Inu mwabweza kangati? Amayi akanakuthamangitsani chaka chatha. Ndinkafuna kukuuzani tsiku loyamba lija, munati munaphunzitsa anthu rivesi."

A Sipanala anayang'ana thanki. Inali ikudontha pamene anaikonza.

"Usawauze amako."

"Ine sindinena. Koma Loweruka ndikubwera, ndipo pangano lija mukulikumbukira."

Apa ndi pamene mantha enieni anawagwira. Kukalipiridwa anakuzolowera, zaka makumi anayi za ukwati zimakhwimitsa khungu. Koma kulandidwa pasiwedi kunali ngati tsiku lija kudepoti pamene anabweza bokosi la zitsulo kusitolo, kalaliki n'kumawerenga masipanala awo ngati a wakuba. Makanika wopanda chotsegulira ndi pasenjala basi.

Anabwerera pabalaza ali ndi nzeru.

"Alamu, mawa musatsegule shopu. Timanga farmu ina."

"Ya zaka ziwiri? M'masiku awiri?"

"Iwo ankachita mocheza. Ife tigwira ngati amuna."

Lachinayi ndi Lachisanu anthu a m'deralo anayenda ndi tsitsi losameta. Amuna awiri akuluakulu anakhala pakona ya balaza kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, akulima. Zinapezeka kuti masewera a ulimi alibe mafuta oti uponde. Chimanga chimacha pa nthawi yake. Nkhuku imaikira ikafuna. A Sipanala anafufuza paliponse pofuna bawuti yoti amasule kuti ng'ombe zibereke msanga, osaipeza.

"Thirirani uko, alamu!"

"Ndathirira kale. Inu mwaponda tomato."

"Tomato wake uti? Uyo ndi udzu."

"Ndiye chifukwa chake achemwali sakulolani kumsika."

Khola analimanga lalitali, la zipata zofanana, ng'ombe iliyonse poimika pake. Pofika Lachisanu madzulo anali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi. Zikanakhala zisanu ndi ziwiri, koma ina inathawa chifukwa anaiwala kuidyetsa. Mbuzi sanagule, wometa anati sangalipire kuti atukwanidwe kawiri.

Kenako masewera anafunsa mayina a ng'ombe. A Sipanala anaika chala pa kiyibodi n'kuima. Zaka ziwiri akhala akumva mayina amenewa mmawa uliwonse. Anakumbukira kuti panali wina wa chule. Dzina lake, zii.

"Simukudziwa ngakhale limodzi?" anafunsa wometa.

"Ndimawadziwa. Angondithawa pang'ono."

Anazipatsa manambala a mabasi amene ankawakonda kudepoti, poganiza kuti asintha akakumbukira. Sanakumbukire.

Loweruka Aphunzitsi anafika dzuwa lili paliwombo. Injiniya anali atafika kale, wakhala pasofa, akusewera ndi foni ngati mlendo. Wometa anaima pafupi ndi chitseko, pamalo oti zikavuta asapemphe njira. Aphunzitsi anavula nsapato, anafotokoza za diso la mkulu wawo m'mawu atatu, n'kukhala pakompyuta tiyi asanamwe.

Anayang'ana khola. Anayang'ana ng'ombe zisanu ndi imodzi zitaima pamzere, zonse kuloza kumodzi. Analoza imodzi ndi kambewa ka kompyuta, pamwamba pake n'kutuluka dzina: Basi 14.

"Amayi," anatero a Sipanala, "kunagwa matenda."

"Matenda."

"Aja a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi," anathandizira wometa. "Afika paliponse chaka chino."

"Matendawo anadyanso chigayo?"

Aphunzitsi anatembenuza mpando, anavula magalasi, n'kupinda manja. Sanakweze mawu. Anangoyang'ana. Wotchi ija inamveka kugunda patebulo.

"Ine," anatero patapita nthawi, "ndinkadikira ana makumi asanu ndi atatu mpaka wina avomere kuti waphwisa ndi iyeyo. Belu linkalira, ife tili phee. Inu muli awiri okha. Ndilibe changu."

Wometa analoza ndi chibwano. "Ine ndinangothirira."

A Sipanala anafotokoza zonse: mapu, mafoda, bini, rivesi katatu. Anayesa kuikamo mawu akuti opanga makinawo sanaganize bwino, koma Injiniya anatsokomola, iwo n'kuwasiya.

"Mwatha?"

"Ndatha. Madzi akatayika sawoleka, amayi."

"Akatayika ndani? Anatayika okha?"

"Ndinataya ine."

"Ehe. Tsopano mwayankha funso."

Aphunzitsi anakoka chikwama chawo, anatulutsa kabokosi ka magalasi, n'kutsegula. Pansi pa kansalu kopukutira panali fulashi yaing'ono yofiira yosungira za pakompyuta, yomangidwa ulusi. Anaipereka kwa Injiniya osayang'ana amuna awo.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndi munthu amene anatsegula wotchi ya ukwati wathu kuti aone chimene chikulira. Mumaganiza kuti ng'ombe zanga ndingazisiye m'manja mwanu popanda khola lina? Mwanayu anandiphunzitsa kukopera. Lachisanu lililonse, inu mukapita kukagula nyuzipepala."

A Sipanala anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe umadziwa?"

"Munandifunsa za rivesi, adadi. Za fulashi simunafunse. Safunsa anadya phula."

"Masiku awiri ndikuthirira tomato!" anadandaula wometa. "Makasitomala anga apita kwa wina!"

"Aona kusiyana, sabweranso," anatero Aphunzitsi.

Koma sizinabwerere zonse. Milungu itatu yomaliza Aphunzitsi anali otanganidwa ndi za chipatala za mkulu wawo, osakopera. Injiniya atabwezeretsa foda ija, farmu inatseguka ndi chigayo chake, maluwa ake, ndi mbuzi yamakani ija. Ng'ombe zinali makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Zitatu zinapita, pamodzi ndi kamwana ka ng'ombe kamene kanabadwa sabata yomwe ananyamuka. Aphunzitsi anawerenga kawiri, akuloza ndi chala pasikirini ngati akuitana mayina m'kaundula. Anatchula mayina a zosowazo, limodzilimodzi. Kenako anadzuka pampando.

"Injiniya, chita zija."

Zinatenga mphindi zisanu. Injiniya anapangira bambo ake akaunti yawoyawo, ya masewera okha, yosatha kumasula kanthu ndiponso yosaona mafoda a munthu wina. Kenako anati, "Adadi, yang'anani kukhoma." A Sipanala anayang'ana kukhoma, pamene pankakhala wotchi. Kumbuyo kwawo anamva Aphunzitsi akulemba pasiwedi yatsopano, pang'onopang'ono, kawiri. Anayesa kuwerenga kulira kwa mabatani. Anapeza zilembo zisanu ndi zinayi, kapena khumi. Wometa anayetsemula pakati.

Umu ndi mmene zilili mpaka lero. A Sipanala akuyendetsabe malole masana, ndipo misewu ya m'mapiri ija akuti ndi yabwinodi. Akafuna kuphwasula kanthu amapempha, ndipo amaloledwa Loweruka lokha, fulashi ikatuluka kaye n'kubwerera m'kabokosi ka magalasi. Timizere takumbuyo kwa kalendala tachepa. Farmu ya mabasi ija Aphunzitsi anakana kuti ifufutidwe. Anaisamutsira ku akaunti ya amuna awo, n'kulamula kuti azikama asanagwire chiwongolero. Alendo akabwera amawaonetsa Basi 14. Makina osokera akadali kwa aneba, ndipo aneba anauzidwa kuti asatsegulire aliyense wobwera ndi sikuludiraiva.

Tsiku lina a Sipanala anafunsa mwaulemu ngati pasiwediyo ili ndi kochokera, kuti mwina Aphunzitsi atadwala pasakhale vuto.

"Ndi dzina la ng'ombe yanga yoyamba," anatero Aphunzitsi. "Mwana uja wa chule. Ndakuuzani kambirimbiri."

Chiyambire tsiku limenelo, mmawa uliwonse Aphunzitsi akamakama, a Sipanala amakoka mpando n'kukhala pambali pawo, pensulo kuseri kwa khutu. Amafunsa mafunso. Uyu ankakhala kutsogolo kapena kumbuyo? Bambo ake ankagwira ntchito yanji? Nanga uja wa chule uja?

Aphunzitsi amafotokoza mosafulumira, ng'ombe imodzi patsiku, kuyambira yomaliza kugulidwa. Panopa ali pa ya nambala makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo akafika pakati amakonda kubwerera m'mbuyo.